Momwe mungasankhire thalauza la softshell lokwerera mapiri a chipale chofewa

Munthu akamapita koyamba kumapiri a ku Scotland m'nyengo yozizira amaopa chisanu, ndiye amagula thalauza lokhuthala kwambiri limene wapeza m'sitolo. Koma likatha ola limodzi akukwera, chimene chimamuzunza ndi thukuta lake lomwe. Kukwera phiri uli ndi ma ski (timatabwa titalitali totsetserekera pa chipale chofewa) kumapazi, kapena kuponda chipale chofewa chofika m'mawondo, kumatenthetsa thupi ngati uli pa khasu. Ukangoima pamwamba thukuta lija limazizira, mphepo n'kulowa, ndipo umayamba kunjenjemera mpaka mano kugundana. Thalauza la softshell analipangira vuto limeneli. Nsalu yake imatchinga mphepo yambiri, imatambasuka, ndipo imalola nthunzi ya thukuta kutuluka. Posankha, tsatirani izi.

Choyamba, dziwani phiri limene mukupitako

Softshell si thalauza la mvula. Kunja kwake amapakako mankhwala otchedwa DWR amene amachititsa madzi kukhala timadontho n'kugubuduka, koma mvula ikalimbikira imalowa ndithu. Ku mapiri a Alps ku Ulaya, monga panjira ya Haute Route yochokera ku Chamonix kukafika ku Zermatt, chipale chimakhala chouma masiku ambiri, ndipo softshell yekha akhoza kukufikitsani. Ku Scotland n'kosiyana. Mpweya wa kunyanja umabweretsa chipale chonyowa, ndipo tsiku limodzi mukhoza kuyamba ndi mvula m'munsi mwa phiri la Ben Nevis n'kukathera m'chimphepo cha ayezi pamwamba pake, pa mamita 1,345. Pa phiri la Cairn Gorm anayezapo mphepo yothamanga mamailosi 173 pa ola mu 1986. Kumalo otere valani softshell, koma m'chikwama muikemo thalauza lopepuka losalowa madzi, lokhala ndi zipi yoyambira m'chiuno mpaka kukakolo kuti mulivale osavula majombo.

Chachiwiri, igwireni nsaluyo

Werengani kachikwangwani ka m'kati. Mupeza nayiloni kapena poliyesitala wosakaniza ndi elastane (ulusi wotambasuka ngati lasitiki) pang'ono. Nayiloni ndiye amapirira kukhula pa miyala. Ngati pali thonje, lisiyeni pomwepo, chifukwa thonje limamwa madzi ndipo siliuma msanga.

Apa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndiye ndifotokoze bwino. Mathalauzawa alipo a mitundu itatu. Ena ndi nsalu yolukidwa chabe yopanda china m'kati. Ena ali ndi ubweya wofewa wa fleece m'kati. Ena ali ndi kachikopa kopyapyala pakati pa nsalu kotchingira madzi ndi mphepo. M'sitolo aliyense amakopeka ndi la ubweya, chifukwa likakhudza khungu limamveka lofunda. Ine ndimalangiza loyambalo. Kukazizira kwambiri mumangovala kathalauza kothina ka merino (ubweya wa nkhosa) kapena poliyesitala m'kati mwake, kukafunda mu April mumakasiya kunyumba. La ubweya simungalichepetse kutentha, ndipo la kachikopa limasunga thukuta pafupifupi ngati la mvula lija. Limayenerera munthu amene amaima nthawi yaitali atagwirira mnzake chingwe pa khoma la ayezi, osati woyenda tsiku lonse.

Njira yosavuta yoyesera: ikani nsaluyo pakamwa, muuzire mwamphamvu, dzanja lili mbali inayo. Mpweya ukamadutsa movutikira pang'ono, ndiye bwino. Ukamadutsa ngati pa neti, mphepo idzakupwetekani. Ukakanika kudutsa, mudzanyowa ndi thukuta.

Chachitatu, pitani kusitolo ndi majombo anu

Musachite manyazi kuwanyamula. Jombo ya ski ndi yaikulu, ndipo pokwera mumamasula zomangira zake zapamwamba kuti kakolo aziyenda, zimene zimaikulitsanso. Mwendo wa thalauza uyenera kuphimba jomboyo ili chomasula choncho. Koma wokwera mapiri wapansi amavala crampons, zitsulo za mano akuthwa zomangirira kunsi kwa jombo, ndipo mwendo wa thalauza ukakhala wotakata mano aja amakola nsalu. Kupunthwa pamalo otsetsereka a ayezi kwapha anthu. Ngati mukufuna thalauza limodzi la ntchito zonse ziwiri, sankhani lokhala ndi zipi kapena mabatani kukakolo, loti mukhoza kulikulitsa ndi kulichepetsa.

Yang'ananinso m'kati mwa akakolo ngati asokererapo chigamba cholimba, kawirikawiri cha nsalu yotchedwa Cordura. Mphepete mwa ski ndi mwachitsulo, ndipo popanda chigambacho thalauza limang'ambika nyengo imodzi isanathe. Pakhalenso kansalu ka lasitiki m'kati kogwira jombo, kapena timabowo tomangapo kachingwe kodutsa pansi pa phazi, kuti chipale chisalowe.

Chachinayi, livaleni muyende nalo

Njutani mpaka pansi. Kwezani phazi pa mpando ngati mukukwera mwala. Likakoka m'mawondo, kapena likatsika kumbuyo n'kusiya msana pamtunda, si lanu. Kenako valani harness, lamba wa m'chiuno ndi m'ntchafu womangirirapo chingwe chokwerera, ndi chikwama. Lamba wa thalauza akhale wosalala, chifukwa chitsulo chachikulu chikapanikizidwa pansi pa harness chimatupitsa chiuno. Matumba abwino ndi a pantchafu, popeza a m'chiuno amatsekeka ndi harness.

Chachisanu, zipi za mpweya ndi thumba la transceiver

Zipi za m'mbali mwa ntchafu n'zofunika kwambiri pokwera, ndipo muyese ngati mungazitsegule mutavala magolovesi. Transceiver ndi kachipangizo kotumiza chizindikiro pa 457 kHz kuti anzanu akupezeni chipale chikagumuka n'kukukwirirani. Mathalauza ena ali ndi thumba lake, la zipi, lokhala ndi kolowekapo kachingwe m'kati. Ngati mudzakaika mmenemo, thumbalo likhale losokedwa m'kati mwa thalauza, osati lomata kunja loti lingathothoke. Foni ikhale kutali nako masentimita osachepera 20, chifukwa imasokoneza chizindikirocho. Thumba lokha silipulumutsa munthu. Phunzirani kugwiritsa ntchito kachipangizoko, monga pa maphunziro a ku Glenmore Lodge pafupi ndi Aviemore ku Scotland, ndipo muziwerenga malipoti a Scottish Avalanche Information Service, bungwe lochenjeza za kugumuka kwa chipale, musananyamuke.

Kwathu kulibe ski, koma amene anagonapo pa Mulanje mu June kapena July akudziwa mmene chiperoni chimanyowetsera jinzi popita ku Sapitwa, pa mamita 3,002. Softshell yopyapyala imathandiza kumenekonso, ndipo nthawi zina imapezeka pa kaunjika. Mukaipeza, idonthezereni madzi pang'ono muone ngati akugubuduka.

Madzi akayamba kulowerera m'nsalu, nthawi zambiri vuto ndi litsiro ndi mafuta a thupi. Chapani ndi sopo wa zovala zotere, monga Nikwax Tech Wash, osathira mankhwala ofewetsa zovala chifukwa amawononga DWR. Ngati kachikwangwani kakulola, liumitseni m'makina pa kutentha kochepa, popeza kutenthako kumadzutsa DWR uja. Zikakanika, gulani DWR wopopera, mupopere thalauza likadali lonyowa, makamaka m'mawondo ndi pokhalira.