AC yathu inasiya kuziziritsa n'kuyamba kudontha

Kuno ku Durban mwezi wa February kumatentha, chinyezi chake chomata thupi. AC yathu (makina oziziritsa mpweya m'nyumba) inkangolira tsiku lonse osaziziritsa, kenako inayamba kudontha madzi pakhoma.

Ndinaizimitsa n'kutsegula chivundikiro chakutsogolo. Masefa anali atadzaza fumbi moti mpweya sunkadutsa bwino. Ndinawatsuka ndi madzi ofunda n'kuwayanika pamthunzi. Kudonthako kunkachokera ku kapaipi kotayira madzi panja. AC imayamwa chinyezi mumpweya, ndiye kapaipiko kakatsekeka ndi ndere, madzi amabwerera m'nyumba. Ndinakatsukuluza mpaka madzi anayamba kuyenda.

Pano ndimaitchera pa madigiri 24, chinyezi chikanyanya ndimaika pa "dry" kuti ichotse chinyezicho, ndipo makatani akumadzulo ndimatseka masana. Kuitchera pa 16 sikufulumizitsa kuzizira, kumangomaliza magetsi.