Kuteteza Maganizo pa Nthawi ya Ntchito Yaluso

Wolemba nthano, wopeka nyimbo, wojambula zithunzi ngakhale wosema ziboliboli amaidziwa nthawi ija imene ntchito imayamba kuyenda yokha, mawu akubwera motsatizana, dzanja likudziwa kolowera. Nthawi imeneyi siifika munthu akangokhala pansi. Imabwera pambuyo pa mphindi zoyamba zimene zimakhala zolemetsa, ndipo ikathawa siibwerera msanga. N'chifukwa chake uthenga umodzi wa pa foni, umene mwauwerenga m'masekondi khumi okha, umakudyerani nthawi yochuluka kwambiri kuposa masekondi khumiwo.

Gloria Mark, katswiri wa pa yunivesite ya California ku Irvine, anatsatira anthu ogwira ntchito m'maofesi ndipo anapeza kuti munthu akasokonezedwa zimamutengera pafupifupi mphindi 23 kuti abwerere pa chimene amachita, chifukwa kawirikawiri amayamba wagwirako zinthu zina asanabwerere. M'chaka cha 2009, katswiri wina, Sophie Leroy, anasonyezanso kuti tikachoka pa ntchito imodzi kupita pa ina, gawo la maganizo athu limatsalira pa yoyamba ija. Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo maganizo a munthu waluso amagwa chimodzimodzi akamalumphalumpha.

Langizo langa loyamba, limenenso ndimaliona lalikulu pa onse, ndi lakuti musadalire kudziletsa pa nthawi imene mukugwira ntchito, koma mukonzeretu malo musanayambe. Ambiri amaganiza kuti kuivundikira foni pa tebulo n'kokwanira. Koma taonani zimene zimachitika: foni ili chafufumimba pambali pa kope, yanjenjemera kamodzi, kakuwala kakutulukira m'mbali mwake, ndipo ngakhale simunaigwire, chiganizo chimene munachiyamba chafera pakati. Kafukufuku wa Adrian Ward ndi anzake, wofalitsidwa m'chaka cha 2017, anapeza kuti anthu amene anasiya mafoni awo m'chipinda china anachita bwino pa mayeso ofuna kuganiza kuposa amene anali nawo pa tebulo, ngakhale kuti mafoniwo sankalira. Kudziletsa kuti musaitenge nakonso ndi ntchito, ndipo kumadya mphamvu imene luso lanu likanagwiritsa ntchito. Choncho ikeni foni kutali, kumene kuitenga kufuna kuti mudzuke ndi kuyenda. Ngati mumagwirira ntchito pa kompyuta, thimitsani intaneti ndi kutseka zonse zosakhudzana ndi ntchito ya tsikulo.

Anthu a panyumba auzeni mwaulemu nthawi imene mudzakhala otanganidwa komanso nthawi imene mudzamasuka, pakuti munthu amapirira mosavuta akadziwa kuti adikira kufikira liti. Kunena za phokoso, wolemba apewe nyimbo zokhala ndi mawu, chifukwa zimalimbana ndi mawu amene akuwasaka m'mutu mwake.

Komabe zosokoneza zovuta kwambiri sizichokera kunja. Mark yemwe uja anapeza kuti pafupifupi theka la zosokoneza timaziyambitsa tokha, popanda wotiitana. Mukadziyang'anitsitsa mudzaona kuti dzanja limalakalaka foni pa nthawi yeniyeni imene ntchito yafika pokwera, pamene ndime yakana kulumikizana kapena mtundu wa penti sukugwirizana ndi chimene munachiona m'maganizo. Pamenepo mtima umapeka zifukwa zooneka zanzeru, monga kukafufuza chaka chimene chinthu china chinachitika kapena kuyankha kalata imene yakhala ikudikira kuyambira dzulo. Njira yothandiza ndiyo kukhala ndi kapepala pambali. Ganizo lililonse lotere lilembeni pakapepalapo m'mawu awiri kapena atatu, ndipo pamalo pamene pakusoweka mfundo ikanipo chizindikiro, mupitirire. Kufufuza kuli ndi nthawi yake, ndipo mukadzabwerera ku kapepalako madzulo mudzapeza kuti zambiri zimene zinkaoneka zachangu sizinali zofunika n'komwe. Ndikutsindika mfundo iyi chifukwa ndaona anthu aluso lenileni akudziweruza kuti luso lawathera, pomwe vuto linali lakuti amathawa mphindi zisanu zovuta zimene yankho linali kuseri kwake.

Amene amavutika kuyamba angathandizidwe ndi njira ya Pomodoro, imene Francesco Cirillo anaiyambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, yogwira ntchito mphindi 25 ndi kupuma mphindi 5. Ndi yabwino pothyola ulesi wa poyambira, koma musaisandutse lamulo. Ngati belu la wotchi yoyezera mphindizo lalira ntchito ili mkati moyenda bwino, lithimitseni mupitirize. Popuma, dzukani, tambasulani thupi, yang'anani panja, koma musatsegule mauthenga, chifukwa mukatero mudzabwerera pa tebulo mutasenza nkhani za anthu ena.

Pomaliza ntchito ya tsikulo, musadikire kuti maganizo aume. Lekezani pamene mukudziwa chotsatira, ndipo lembani mzere umodzi wonena chimene mudzayambire mawa, kaya ndi mawu amene mpangankhani adzayankhe kapena mbali ya chithunzi imene yatsala. Siyani kope lotsegula pa tsamba lomwelo, cholembera chili pamwamba pake.