Kuwongola chitseko chobonyoka ndi kupaka body filler

Wophunzira zowongola magalimoto akaona pobonyoka, dzanja limathamangira chitini cha body filler, phala lomatira polowa lomwe limauma n'kulimba. Dikirani kaye. Ntchito yaikulu ili pa chitsulo, ndipo filler ndi wongosalazira pomaliza. Asakhuthale kupitirira mamilimita 3. Akachuluka, chitseko chikamamenyetsedwa tsiku ndi tsiku, dzuwa n'kumachiwotcha, amang'aluka, madzi n'kulowa, dzimbiri n'kuyambira pansi pake.

Tsukani chitseko ndi sopo, kenako mupukute ndi mankhwala ochotsa mafuta ndi silikoni. Mukalumpha apa, sandipepa amakankhira mafutawo m'mizere yomwe akukanda, ndipo penti idzatuluka timaenje tozungulira tomwe sitikwiririka.

Masulani chophimba chamkati kuti dzanja lifike kuseri. Dolly, kachitsulo kolemera kogwira m'manja kochirikiza lata, akhale kuseri, hamala kutsogolo. Yambirani m'mphepete mwa pobonyokapo kulowera pakati, chifukwa chomwe chagwira dzenjelo ndi mzere wotukuka womwe walizungulira. Mzerewo ukatsika, pakati pamabwerera pafupifupi pokha. Menyani mopepuka koma kambirimbiri. Lata la chitseko ndi lopyapyala, silifika n'komwe milimita imodzi, choncho hamala ikamagwera ndendende pomwe pali dolly, mumva kulira kwakuthwa, ndipo apo chitsulo chikuphwanthalala n'kutambasuka. Lata lotambasuka mulidziwa msanga: mukalidina ndi chala limalowa, mukasiya limatumphukanso. Limeneli limafuna kulitenthetsa kadontho kakang'ono, kulimenya mozungulira kadonthoko, n'kuliziziritsa kuti lifinyike. Filler sangaligwire.

Pomwe dzanja silingafike kuseri pamafunika makina owotcherera timisomali tokokera. Musanawayatse, chotsani waya wa negetivi ku batire kuti zamagetsi za galimoto zisapse.

Yesani ntchito yanu ndi chikhatho chonse, osati nsonga za zala, komanso ndi rula yachitsulo. Opani potukuka kuposa polowa. Polowa filler amadzaza, koma potukuka pamadzatulukira ngati chilumba chonyezimira mukamapala, ndipo mumakakamizika kuunjika filler pachitseko chonse kuti mupabise.

Palani ndi sandipepa wokhakhala wa P80 (nambala ikamakwera, sandipepa amakhala wosalalirapo) mpaka chitsulo chiyere, kupitirira malo owonongeka ndi masentimita 3 mpaka 5. M'mphepete mwa penti yakale tsetserekani ndi P180 mpaka chala chisamve pomwe penti ikuyambira. Osapaka filler pamwamba pa etch primer, penti yoyambira yokhala ndi asidi, chifukwa sagwirizana. Ngati lata ndi la aluminiyamu kapena lokutidwa ndi zinki, werengani pachitini ngati filler ameneyo amamata pamenepo.

Posakaniza ndi pomwe ambiri amaphonya. Pa magalamu 100 a filler pamafunika magalamu pafupifupi 2 a hardener, mankhwala omuumitsa, ndipo wophunzira aziyeza pa sikelo mpaka diso lizolowere. Hardener akachepa, filler sauma bwino, amamata sandipepa ngati ulimbo. Akachuluka, amauma musanamalize kupaka, ndipo patapita masabata banga lachikasu limatulukira pa penti, makamaka yoyera. Sakanizirani pa bolodi lapulasitiki kapena lachitsulo. Katoni amamwa madzi a filler. Muzipinda ndi kukanikiza ndi chopakira mpaka mtundu ukhale umodzi wopanda mizere. Mukamatakasa ngati phala mukulowetsamo mpweya, womwe umadzasanduka timabowo. Muli ndi mphindi 4 kapena 5 zokha, ndipo kukatentha zimachepa, choncho muzisakaniza wochepa nthawi iliyonse.

Koyamba pakani mopyapyala mokanikiza kwambiri kuti alowe m'mizere ya P80, kenako wonjezerani mpaka akwere pang'ono kuposa lata. Pakatha mphindi 20 mpaka 30, kandani ndi chikhadabo. Chikangosiya mzere woyera osamata, filler wauma.

Palani ndi sandipepa womata pa bloko lalitali, osati dzanja lokha, chifukwa zala zimakumba migula. Bloko liziyenda mopingasa, uku ndi uku ngati mukulemba X. Yambani ndi P80, kenako P120, kenako P180. Wazani ufa wakuda wa guide coat pakati pa sandipepa aliyense: pomwe patsalira chakuda ndi polowa. Madzi asayandikire filler ngakhale pang'ono. Amamwa madzi ngati siponji, n'kudzatupitsa penti pambuyo pake. Timabowo totsala tsekani ndi filler wosalala womalizira, ndipo mumalize malo onse ndi P240 kapena P320.

Uzirani fumbi ndi mpweya, pukutani, matani mapepala mozungulira. Tsopano popani primer, penti yoyambira pansi pa penti yeniyeni. Primer wa 2K, yemwe amauma ndi hardener wake, ambiri amasakanizidwa magawo 4 pa gawo 1 la hardener, koma tsatirani zolembedwa pachitini chanu. Gani yopopera ikhale masentimita 15 mpaka 20 kuchoka pa lata, mzere uliwonse uziphimba theka la wapitawo. Poperani kawiri kapena katatu, mukudikira mphindi 5 mpaka 10 kuti kunyezimira kuzilale. Hardener wa 2K ali ndi isocyanate, mankhwala omwe amayambitsa mphumu yosachoka, ndipo kansalu kotchinga fumbi sikamuletsa. Valani chigoba cholandira mpweya woyera kudzera pa paipi, ndipo musachivule mpaka nkhungu ya primer itatheratu m'chipindamo.

Primer akauma, wazaninso guide coat, mupale ndi P400 mpaka P500 pouma. Mukaboola mpaka filler kuoneka, poperaninso primer pamenepo musanaganize za penti.