Laisensi ya upulambala ku America: mtengo wake ukutengera komwe uli

Anthu ambiri akamva kuti ma pulambala ku America amadya bwino amangofunsa kuti laisensi ndi zingati, ngati kuti ndi pepala limodzi la dziko lonse. Ayi ndithu, kulibe zimenezo. State iliyonse ili ndi malamulo ake, kwina ndi mzinda kapena county yomwe imapereka, ndiye choyamba sankha komwe ukufuna kukagwira ntchito kenako ufufuze bungwe la kumeneko. Osayamba kulipira ma kosi a pa intaneti usanadziwe izi, ndalama zimangopita mmadzi.

Tiyambe ndi California poti ndi komwe thumba limalira kwambiri. Kumeneko laisensi imatchedwa C-36, amapereka ndi a Contractors State License Board, ndipo safuna nkhani zambiri, amafuna zaka 4 za ntchito yeniyeni pa mlingo wa journeyman, munthu woti atha kugwira yekha osati wongonyamula zitsulo ndi kupatsira sipanala. Kulembetsa ndi madola 450, ukakhoza mayeso uwonjezere 200 ngati bizinesi ndi yako wekha, apo sunathe ayi, pali bond, chikole choteteza makasitomala ntchito ikalakwika, ya madola 25,000 yomwe inakwera mu 2023 kuchoka pa 15,000. Usadzidzimuke, sikuti ukapereke yonseyo cash, umalipira kampani ya bond kangachepe chaka ndi chaka koma kuchuluka kwake kumatengera credit yako, ndiye kuti mbiri yako yobweza ngongole, ndipo munthu wongofika kumene credit alibe, ndiye amakulipiritsa zokwera. Mayeso ndi awiri, a mapaipi ndi a malamulo ndi bizinesi, ndipo achiwiriwa ndi omwe amapunthwitsa amisiri odziwa ntchito chifukwa amawaderera.

Ku Texas mapepala sadula motero koma amakudyera nthawi. Umayamba walembetsa ngati apprentice, wophunzira ntchito, ku Texas State Board of Plumbing Examiners, maola 4,000 akufikitsa pa mlingo wapakati wa tradesman, 8,000 ndiye journeyman, zomwe ndi pafupifupi zaka 4 ukamagwira maola 40 pa sabata. Apa mvetsetsa, lembetsa tsiku loyamba lomwelo ndipo uzisunga umboni wa maola ako osainidwa ndi bwana wa laisensi. Kugwira zaka ziwiri mobisa kwa munthu wokulipira pamanja, ntchito uyidziwa inde koma pa pepala ulibe kanthu.

New York state ilibe laisensi imodzi, mzinda wa New York uli ndi yake ya master plumber kudzera ku Department of Buildings ndipo amafuna zaka 7. Ukasamukira dera lina ukayambenso kufunsa za kumeneko. Pennsylvania nakonso ndi choncho.

Ndiye powerengera osangoona fomu. Lemba pa pepala: kulembetsa, mayeso (ndi kubwereza kwake ukalakwa, zimachitika), mabuku a code, malamulo a kaikidwe ka mapaipi, poti ma state ena amatsata Uniform Plumbing Code ena International Plumbing Code ndipo kugula lolakwika nkutaya ndalama, bond, inshuwalansi, ndi kukonzetsanso laisensi ikatha. Ine ndimati njira yabwino kwa amene alibe ndalama ndi apprenticeship ya union, bungwe la ogwira ntchito, monga United Association, umaphunzira ukulandira malipiro mmalo molipira sukulu.

Kwa abale athu a ku Joni nkhani ndi ina, kumeneko chofunika ndi trade test ija amati red seal kenako kulembetsa ku PIRB, bungwe lolembetsa ma pulambala, kuti uzitha kupereka satifiketi ukaika giza. Ku UK mipope ndi masinki palibe laisensi yokakamiza koma usakhudze boiler ya gasi usanalowe mu Gas Safe Register, kaundula wa amisiri ololedwa kugwira za gasi, ndi mlandu. Ndipo ngati unaphunzira kumudzi kuno, pepala lako la TEVETA kapena trade test ulinyamule pamodzi ndi makalata a mabwana onse omwe unawagwirira, olembedwa madeti bwinobwino, kenako ufunse bungwe la komwe ukupitako ngati zaka zimenezo angaziwerengere usanalipire fomu iliyonse.