Momwe mungasamalire ndi kuphikira pa chitofu chowambira nyama cha mapeleti kuno ku Zomba

Kuwamba si chinthu chachilendo kwa munthu wa ku Zomba. Mlamba ndi makumba a ku Chilwa timawagula owambawamba mumsika waukulu wa mtauni, ndipo ambiri tinakula tikuona nyama itapachikidwa pamwamba pa mafuwa kuti ilowe utsi. Chachilendo ndi chitofu chowambira chimene sichidya nkhuni kapena makala koma mapeleti, timibulu ta utuchi wa mitengo yolimba wopanikizidwa ndi makina. Anachiyambitsa ndi Joe Traeger wa ku Oregon m'dziko la America m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero makampani ena monga Pit Boss, Camp Chef ndi Weber akupanganso zawo. Ngati mwagula chotere ku Joni kapena wachibale wakutumizirani, nkhani iyi ndi yanu.

M'mbali mwa chitofuchi muli kankhokwe kothiramo mapeleti. Pansi pa kankhokweko pali chitsulo chopotana chimene amachitcha auger, ndipo mota imachizunguliza pang'onopang'ono kuti chizikankhira mapeleti m'kachikho ka moto. M'kachikho kameneka muli kachitsulo kamene kamafiira ndi magetsi n'kuyatsa mapeletiwo, fani n'kumakupiza. Kakompyuta kakang'ono ndi kamene kamaona kutentha n'kumawonjezera kapena kuchepetsa mapeleti. Inu mumangosankha madigiri. Choncho kuphika kwenikweniko n'kosavuta. Chovuta n'chakuti chitofuchi chili ndi adani awiri, chinyezi ndi kuthima kwa magetsi, ndipo onse awiri kuno ndi eni mudzi.

Musanalumikize ku soketi

Werengani kaye zolembedwa kumbuyo kwa kankhokwe. Magetsi a m'Malawi ndi a 230V, pamene zitofu zopangira msika wa ku America zimafuna 120V. Mukalumikiza chotere mwachindunji, kakompyuta kapsa nthawi yomweyo, ndipo kupeza kena ndi nkhani ya miyezi. Pamafunika thiransifoma yotsitsa mphamvu. Za ku South Africa zimagwirizana ndi magetsi athu, chosiyana ndi pulagi yokha ya mano obulungira, ndiye adaputala yolimba ikwanira.

Chiikeni panja, pamalo osalala, podutsa mphepo. M'nyumba kapena m'galaja ayi, ngakhale mvula ikhale yotani, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha wosamveka fungo, womwe uja wa mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Chitalikirane ndi mpanda wa udzu ndi denga lotsika. Khonde lotseguka mbali zake ndi labwino chifukwa limateteza ku mvula.

Tsiku loyamba musaikemo chakudya. Chiyatseni chopanda kanthu pa moto waukulu, madigiri 200 a Celsius (°C) kapena kuposerapo, kwa mphindi 30 mpaka 45, kuti mafuta a ku fakitale apse. Nambala yeniyeni ya mtundu wanu ili m'kabuku kobwera ndi chitofucho.

Mapeleti: apa ndi pamene pali nkhani

Peleti labwino limakhala losalala, lonyezimira pang'ono, ndipo mukalithyola limamveka thyo. Likamafumbutuka m'manja ndiye kuti lamwa chinyezi. Mapeleti sachita kufuna kugwera m'madzi kuti aonongeke, mpweya wonyowa wokha ndi wokwanira. Kuno pansi pa phiri, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ngakhale mchere m'kapu umanyowa. Mu Juni ndi Julaye kumabweranso chiperoni. Mapeleti otsalira mu auger m'nyengo zotere amafufuma, kenako n'kuuma gwa ngati mkute, ndipo mota imangolira osazungulira. Kuwachotsa kumafuna kumasula chitofu chonse ndi sipanala, nthawi zina mpaka nyundo.

Ndiye chitani izi. Thumba mukalitsegula, khuthulirani mapeleti m'chidebe cha pulasitiki chokhala ndi chivindikiro chothina, ndipo chidebecho chikhale m'nyumba, pa thabwa, osati pa simenti. M'kankhokwe thirani okwanira tsiku limenelo basi. Mukamaliza kuphika m'nyengo ya mvula, chotsani otsala onse. Zitofu zambiri zili ndi kachitseko pansi pa kankhokwe kochotsera mapeleti, ndipo zopanda kachitsekoka mumangotapa ndi kapu. Fumbi limene limasonkhana pansi pa thumba musalithire m'kankhokwe, sefani kaye ndi sefa ya ufa.

Pa moto wochepa chitofu chimadya pafupifupi theka la kilo pa ola, pa moto waukulu kilo imodzi kapena kuposa. Usiku wozizira wa mu Julaye, makamaka kwa anzathu okhala kumtunda cha ku Ku Chawe, chimadya kwambiri. Matumba ambiri amakhala a makilo 9. Popeza mapeleti ophikira ndi ochita kuitanitsa, werengerani maola musanaitane alendo.

Kusowa kwa mapeleti kumabweretsa mayesero. Phiri lathuli lili ndi mitengo ya paini, ndipo utuchi wa paini suvuta kuupeza kwa ocheka matabwa. Musayerekeze. Utuchi womwazika auger sautenga bwino, komanso paini ali ndi utomoni umene umapereka utsi wowawa ndi mwaye. Mapeleti opangira kuotha moto kapena mbaula zina nawonso si ophikira, chifukwa mungakhale paini kapena zinyalala za matabwa omata ndi guluu. Gulani olembedwa kuti ndi a chakudya. Amatchulidwa ndi dzina la mtengo umene achokera: hickory ndi mesquite ali ndi utsi wamphamvu woyenera ng'ombe ndi mbuzi, apple ndi cherry ndi ofatsa, oyenera nkhuku ndi nsomba, oak ali pakatikati. Makala kapena tizidutswa ta nkhuni m'kankhokwe musaikemo.

Mukafuna utsi wa kwathu kuno, tengani tizidutswa touma bwino ta mtengo wa mango kapena pichesi, tochotsa makungwa, ikani m'kachitini koboolaboola, yatsani mbali imodzi, zimitsani lawi kuti tizingofuka, n'kuika kachitiniko pakona ya waya wowotchera. Ine ndimaona kuti mapeleti okha amapereka utsi wofatsa kwambiri kwa munthu wozolowera mlamba wa ku Kachulu, ndiye kachitini aka kamathandiza.

Kuyatsa

Suzumirani m'kachikho ka moto, mukhale mopanda phulusa lambiri kapena mapeleti otsala. Yatsani monga mwa kabuku kanu, popeza mitundu ina imafuna chivindikiro chotsegula poyatsa, ina chotseka. Poyamba pamatuluka utsi woyera wambiri. Dikirani mpaka upepuke, moto uyambe kumveka kulira kwake, ndipo chitofu chitenthe kwa mphindi 10 mpaka 15. Nyama yoikidwa mu utsi woyera uja imawawa.

Gulaninso choyezera kutentha cha m'kati mwa nyama, chija chobaya. Nyama yowamba imaoneka yofiirira m'mphepete ngakhale itapsa, ndipo ina imaoneka yakupsa kunja m'kati muli magazi. Diso limanama.

Nkhuku

Yambirani nkhuku, siidya maola ambiri. Ya chizungu ndi imene imayenera pano. Ya chikuda ndi yokoma koma yolimba ndi yopanda mafuta, pa waya imauma, bola kuisiyira mphika. Dulani msana, iphwathalale. Ipakeni mchere, adyo, jinja, madzi a mandimu ndi kambuzi pang'ono, igone mufiriji yosavindikira kuti khungu liume. M'mawa iikeni pa madigiri 110 kwa ola limodzi kuti imwe utsi, kenako kwezani kufika 180 kapena 190 kuti khungu likhale lokhukhuta. Mukaisiya pa moto wochepa mpaka mapeto, khungu limatafunika ngati labala. Yapsa pamene choyezera chaonetsa madigiri 74 pa mnofu wochindikala, osagunda fupa.

Mbuzi

Mkono kapena mwendo wa mbuzi ndi ntchito ya tsiku lonse. Pogula uzani a butchala kuti, "Achimwene, musandidulire, ndipatseni wathunthu," chifukwa dzanja lawo linazolowera kuduladula za kanyenya. Thirani mchere usiku, m'mawa pakani mafuta ophikira ndi zokometsera zanu. Ikani pa madigiri 120.

Pakapita maola angapo muona kuti kutentha kwa m'kati kwaima penapake pakati pa 65 ndi 75, osakwera. Chitofu sichinaonongeke. Madzi otuluka m'nyama akuiziziritsa pamene akuuma. Apa ikulungeni m'foyilo pamodzi ndi kapu ya msuzi kapena madzi a anyezi, popeza mbuzi zathu zilibe mafuta ambiri, n'kuibwezeramo. Itulutseni ikafika madigiri 90 mpaka 95, pamene foloko ikulowa popanda kukakamiza. Isiyeni chikulungire kwa mphindi 45 musanaidule. Kwa amene amadya nkhumba, mkono wake umaphikidwa chimodzimodzi.

Chivindikiro musamatsegule pafupipafupi. Mukatsegula kutentha kumathawa, kakompyuta n'kuthira mapeleti ambiri, moto n'kukwera mopitirira. Alamu anu akafuna kuona, aonetseni nambala ya pa choyezera.

Nsomba

Mlamba umawambika bwino chifukwa uli ndi mafuta. Chambo cha ku Mangochi nachonso chimakoma, kungoti chimapsa msanga. Ng'ambani nsomba, sungunulani magalamu 60 a mchere pa lita iliyonse ya madzi ozizira, viikani kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi, tsukuluzani, muiike mufiriji mpaka kunja kuyambe kumata chala. Kumata kumeneko ndi kumene kumagwira utsi. Pakani mafuta pa waya, wambani pa madigiri 90 mpaka 100 kufikira m'kati mutakwana 63.

Dziwani kuti nsomba iyi si yofanana ndi ya asodzi. Iwo amawamba mpaka madzi atheretu kuti iyende ulendo ndi kukhala masiku pa benchi. Yanuyi ndi yophika chabe, yamadzimadzi m'kati. Idyeni tsiku lomwelo kapena isungeni mufiriji masiku osapitirira atatu.

Magetsi akathima muli pakati

Fani ndi auger zimaima, moto n'kuyamba kufa. Zimitsani swichi, zulani pulagi, chivindikiro chikhale chotseka. Nyama musaisiye momwemo n'kumayembekezera, chifukwa pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pamene tizilombo timaswana, ndipo nyama yosapsa siyenera kukhala pamenepo maola opitirira awiri. Yatsani mbaula, ikani nyama mumphika wovindikira ndi madzi pang'ono, imalizikire pomwepo. Utsi wambiri imakhala itamwa kale m'maola oyamba.

Magetsi akabwera, musangoyatsanso. Dikirani chizizire, tsegulani, chotsani mapeleti onse m'kachikho ka moto. Kuyatsa kachikho kodzaza kumadzaza utsi m'chitofu, ndipo utsiwo ukagwira moto umaphulika mpaka kukankha chivindikiro. Onaninso ngati utsi ukutulukira m'kankhokwe, chizindikiro chakuti moto wayamba kubwerera m'mbuyo kudzera mu auger. Zikatero tapani mapeleti a m'kankhokwe, muwaike m'chidebe chachitsulo.

Chosangalatsa n'chakuti chitofuchi sichidya magetsi ambiri. Zambiri zimafuna pafupifupi mawati 300 kwa mphindi zochepa zoyatsira, kenako pafupifupi 50 basi. Amene muli ndi batire ndi inveta ya sola, lumikizani kumeneko kuyambira pachiyambi, makamaka tsiku la mbuzi. Inveta ikhale yolembedwa kuti pure sine wave, yotulutsa magetsi ofanana ndi a pa soketi ya m'nyumba, zotchipa zija zimasokoneza kakompyuta.

Kuzimitsa ndi kutsuka

Mukamaliza musazule pulagi. Dinani batani lozimitsira, fani ipitirize kuzungulira kwa mphindi 10 mpaka 15 kuti mapeleti otsala apseretu. Ana kapena wantchito wapakhomo auzeni zimenezi, chifukwa kumva fani ikulira chakudya chitaphulidwa, aliyense amaganiza kuti mwaiwala.

Waya upaleni ukadali wofunda. Chikazizira kwathunthu, tsiku lotsatira, chotsani waya, thireyi yolandira mafuta ndi chitsulo chophimba moto, n'kuchotsa phulusa m'kachikho ndi pansi ponse ndi kabulashi ndi supuni. Chitani izi mukaphika kawiri kapena katatu, komanso nthawi iliyonse mwaphika tsiku lonse. Phulusa likachuluka limakwirira kachitsulo koyatsira, ndipo likanyowa limadya chitsulo. Madzi m'kati musathiremo. Kachitsulo kowonda koima m'mbali, kamene kamayeza kutentha, kapukuteni ndi kansalu koviika mu viniga, chifukwa kakada kamapereka nambala zabodza.

Thireyi ya mafuta iyaleni foyilo, muzisintha. Mafuta ounjikana ndi amene amabutsa moto, makamaka mukawamba nyama yonona lero, mawa n'kukweza madigiri kufika 230. Moto wotere ukabuka, tsekani chivindikiro, zimitsani magetsi, musathire madzi. Kandowa kolandira mafuta kakhuthuleni tsiku lomwelo, apo ayi agalu, nyerere ndi makoswe akupezani, ndipo makoswe akalowa pansi pa kankhokwe amatafuna mawaya.

Pomaliza pakani mafuta ophikira pang'ono pa waya ndi paliponse pamene penti yakanduka, kenako vindikirani ndi chophimba chosalowa madzi chitofu chitauma. Dzuwa likawala pakati pa dzinja, vundukulani kwa maola angapo kuti chinyezi cha pansi pa chophimbacho chituluke. Ngati mukhala mwezi kapena kuposa osaphikira, chiyatseni mpaka mapeleti a mu auger atheretu, n'kuchilowetsa m'chipinda chosungiramo katundu.