Momwe mungagwiritsire ntchito mneni wa Chingerezi "get" osasokonezeka

Musayambe ndi kuloweza matanthauzo ake onse, ndi ochuluka zedi ndipo mawa lake mudzakhala mutaiwala theka. Chofunika ndi kuyang'ana mawu amene akubwera pambuyo pa "get".

Choyamba, dziwani kumene anachokera. Mawuwa anafika ku England ndi ma Viking ochokera ku Scandinavia. M'chinenero chawo, Old Norse, ankati "geta", kutanthauza kupeza, ndipo cha m'ma 1200 anali atayamba kulembedwa m'Chingerezi. Kupezako ndiye muzu, matanthauzo enawo ndi nthambi.

Kenako onani chotsatira. Likakhala dzina la chinthu, ndiye kupeza kapena kulandira: "get a job", "get a letter". Akakhala mfotokozi, ndiye kuti chinthu chikusintha: "get tired" ndi kuyamba kutopa. Akakhala malo, ndi kufika: "get home".

Pomwe ine panandivuta ndi pa "have got", ndipo apa musathamange. "I have got a car" sakutanthauza kuti ndangopeza galimoto lero. Akutanthauza kuti ndili nayo, kaya ndinagula kalekale. Mawuwo amaoneka ngati akunena zakale koma akunena za panopa. Nanga "I have got to go"? Apa palibenso kupeza, munthuyo akuti ndiyenera kupita. Ndiye pali "gotten", amene aphunzitsi ena amamudula ndi cholembera chofiira. Sikulakwitsa ayi. Ndi mawu akale a ku England omwe anawoloka nyanja ndi anthu opita ku America m'ma 1600 n'kukhazikika kumeneko, pomwe kwawo anatsalira m'mawu ochepa monga "ill-gotten". Mmereka akati "I have gotten a car", pamenepo ndiye wapezadi. Mukamalemba mayeso otsata Chingerezi cha ku Britain, lembani "got" basi.

Za dikishonale, musawononge ndalama pa timabuku tokopera tomwe ena amagulitsa, tolonjeza kuti mudziwa zonse sabata imodzi. Timadzaza zolakwika ndipo mulibe ziganizo zachitsanzo. Madikishonale a Cambridge ndi Merriam-Webster ali pa intaneti, mumawerenga ulere, mumangolipira data yokha.

Chatsala ndi aja ophatikiza: "get up" kudzuka, "get over" kuchira kapena kuiwala zowawa, "get along" kugwirizana. Awa alibe lamulo, tengani awiri patsiku muwaike m'ziganizo zanu. Mu kalata yofunsira ntchito lembani "receive" kapena "obtain", chifukwa "get" amamveka ngati wa pocheza.