Mukufuna ntchito ya lifeguard kunja? Satifiketi yake sagula mu ofesi

Anyamata a ku Senga Bay, ku Lifuwu, ku Chipoka mpaka ku Nkhotakota, amene muli kale kuno kunja ndi amene mukumanga zikwama, funso lanu limakhala limodzi: ife tinabadwira m'madzi, ntchito ya lifeguard, yopulumutsa anthu m'madzi, ingatikanike? Ntchitoyo ilipo, m'mahotela a ku Dubai, m'magombe a ku Durban ndi Cape Town, m'maiwe osambiramo a ku UK. Koma mundimvetse abale anga. Palibe bwana amene adzakulembeni chifukwa munayamba kupalasa bwato muli mwana, kapena chifukwa munkasambira mpaka pa Lizard Island. Amafuna satifiketi yovomerezeka m'dziko mwawomo, ndipo satifiketiyo munthu amaitenga atanyowa, woyesa ataima pambali wotchi ili m'manja.

Wotchiyo ndi imene imagwetsa ambiri a ife. Kwathu timasambira mutu uli pamwamba, maso ali pa ukonde, ndipo timatha nthawi yaitali m'madzi osatopa. Mphamvu tili nazo, liwiro ndiye mulibe. Ku UK, kuti angokulolani kuyamba kosi ya lifeguard wa padziwe yotchedwa NPLQ, ya bungwe la RLSS UK, muyenera kukhala ndi zaka 16, kusambira mamita 50 m'masekondi 60, kusambira mamita 100 osapumira, chafufumimba komanso chagada, kuyandama pamalo amodzi masekondi 30, kulowa mpaka pansi pa dziwe, ndi kutuluka m'madzi osagwira makwerero. Kosiyo ndi ya maola osachepera 36. Ya kugombe ndiye yowawa. A RNLI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja ku UK komweko, amafuna mamita 400 m'mphindi zosakwana 7 ndi theka, kenako kuthamanga mamita 200 pamchenga m'masekondi osakwana 40. Ku Joni mayeso ali m'manja mwa Lifesaving South Africa, ndipo amakuyesaninso chaka ndi chaka. Ndiye musanatulutse ndalama, pitani padziwe loyezedwa kale, mnzanu agwire foni awerenge nthawi. Phunzirani kuika nkhope m'madzi n'kumapuma cham'mbali. Nthawi ikamakana, kosi idikire kaye.

Nyanja yamchere musaiyese ngati yathu ija. Mwera wa mu Julaye timaudziwa, inde, koma kuno madzi amadzaza ndi kuphwa tsiku lililonse, ndipo rip current, madzi amphamvu othamanga kuchoka kugombe kulowera m'kati mwa nyanja, imatenga munthu amene anaima m'madzi olekeza m'chifuwa n'kumukokera kutali. Wolimbana nayo molunjika kugombe amatha mphamvu. Umayamba wasambira cham'mbali kuti utulukemo. Ku Cape Town, mbali ya Atlantic, madzi amazizira mpaka manja kuchita dzanzi.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa zonsezi.

Ine ndinadutsa m'manja mwa dobadoba wina wa ku Lilongwe. Kaofesi kake kanali pamwamba pa sitolo, khoma lonse zithunzi za mahotela. Ankanditchula kuti mphwanga, n'kumandiuza kuti ana akunyanja ngati ine azungu amachita kuwalimbirana. Anati phukusi lake lili ndi zonse: maphunziro, satifiketi yodziwika dziko lonse, viza ndi ntchito ku Dubai. Maphunzirowo anali masana amodzi padziwe la loji ina, madzi olekeza m'chiuno. Anativeka tisheti yofiira, wezulo m'khosi, n'kutijambula. Basi. Palibe anatigwirira wotchi, palibe anationetsa m'mene amatsitsimutsira munthu womira. Mawa lake satifiketi inatuluka, yokutidwa ndi pulasitiki, chidindo chagolide chili ngwee pakona.

Ndalama yake sinali yanga. Amalume anagulitsa injini ya boti lawo. Amayi anatulutsa mpamba wawo wonse wa usipa, ndalama zimene ankasunga zomanga pansonga ya chitenje. Munthu uja anaziwerenga pamaso pathu, akuseka ndi amalume, n'kuwauza kuti pakutha miyezi yochepa agula mainjini awiri.

Ndinafika ku Dubai ndi viza ya mlendo, amati aisintha konkuno. Mnzake wa dobadoba uja amene anandichingamira pabwalo la ndege anatenga pasipoti yanga kuti akaisunge pabwino, n'kukanditula m'chipinda chodzaza amuna ogona pamabedi osanjikiza. Tsiku limene ndinafika pamaso pa mayi wolemba anthu ntchito pahotela ina, anaitembenuza satifiketi ija uku ndi uku, analemba nambala yake pa kompyuta, kenako anaikankhira kwa ine ndi chala chimodzi. Anangofunsa kuti wandipatsa ndani. Bungwe lolembedwa pamenepo kulibe kulikonse padziko lino. Madzulo omwewo foni ya ku Lilongwe inasiya kulowa. Pasipoti ndinaiona pokhapokha anzathu a kumudzi amene anakhalitsa kuno atandiperekeza kwa mkulu anaitenga uja n'kumuuza kuti tikukamuneneza ku boma. Kosi yeniyeni ndinachita kukongola ndalama kuti ndiichite. Ntchito ndinaipeza pambuyo pake, koma amalume mpaka lero akupalasa ndi nkhafi, munthu wamkulu ngati uja. Ndipo ndikumva kuti dobadoba uja anangosintha dzina la kampani, zithunzi za mahotela ndi zomwe zija. Mtima umandiwawa kuti pali mwana wina wa ku Nguwo amene akukwera masitepe aja panopa.

Ndiye tamverani. Malamulo a ku UAE amati ndalama zolembera munthu ntchito ndi za viza amalipira ndi wolemba ntchitoyo, osati inu. Kusunga pasipoti ya wantchito n'koletsedwa. Kugwira ntchito ndi viza ya mlendo ndi mlandu, ndipo wogwidwa ndinu, dobadoba ali phee ku Lilongwe. Kalata yokulonjezani ntchito mutha kuifufuza ku unduna wawo wa zantchito, MOHRE, musanagule tikiti. Satifiketi yeniyeni imakhala ndi nambala imene bungwe lake lingatsimikize. Funsani hotela yeniyeniyo kuti imalandira ya bungwe liti, chifukwa yovomerezeka ku Durban sikuti ingolandiridwa ku London, ndipo ya padziwe siikuikani pagombe. Wina akangoti satifiketi ituluka popanda mayeso a m'madzi, nyamukani muzipita, ngakhale akhale wa kutchalitchi kapena kumzikiti kwanu. Ndatopa kumva akuti uyu ndi wosiyana, anathandiza mwana wa uje. Mwana wa ujeyo mwalankhula naye nokha?

Pasipoti, kalata ya kupolisi ndi kuyezetsa kuchipatala, zimenezo mukuzidziwa kale, chitani msanga.

China chimene anyamata simufuna kumva: ntchitoyi kusambira n'kochepa, yambiri ndi ya maso. Mumaphunzitsidwa kuunguza dera lanu lonse mosalekeza ndi kukhala pamalo oti mungamufikire munthu m'masekondi 20. Munthu womira sakuwa, alibe mpweya wokuwira. Amaima chilili m'madzi, mutu utapendekera kumbuyo, pakamwa pakulowa ndi kutuluka m'madzi, ndipo mwana amatha kumira mayi ake ali pafupi pomwepo akuona ngati akusewera. N'chifukwa chake foni pampando wa lifeguard imachotsetsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo ine ndimagwirizana nazo.

Zakwathu zomuzondotsa munthu womira kapena kumufinya pamimba kuti asanze madzi, muzisiye ku Salima komweko, ndipo nakonso zithe. Pa kosi mudzaphunzira CPR, njira yotsitsimutsira munthu amene wasiya kupuma: kwa womira amene sakupuma mumayamba ndi kumuuzira mpweya kasanu, kenako kupsinja pachifuwa ka 30 n'kuuzira kawiri, mobwereza, pa liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi. Mudzaphunzira makina a AED othandiza mtima kuyambanso kugunda bwino, kutulutsa wovulala msana pathabwa osagwedeza khosi, ndi kudzimasula womira akakukakamirani pakhosi. Apa ndi pamene Chingerezi chimafunika. Pali mayeso a mafunso, pali lipoti lolemba ngozi ikachitika, ndipo muyenera kutha kuletsa mlendo woledzera mwaulemu koma osagonja. Achemwali, musadziderere, mahotela ena kuno ku Gulf ali ndi malo osambira amayi okhaokha ndipo amafuna lifeguard wamkazi.

Satifiketi imatha. Ya NPLQ ndi ya zaka ziwiri, ndipo kuti muiwonjezere muyenera kusonyeza maola 20 a maphunziro opitiriza m'zaka zimenezo, ndiye maola aliwonse amene mwaphunzira asainidwe, kope muzisunga nokha. Musanasaine kontrakiti funsani kuti wolipira mayeso obwereza ndani, mudzaima padzuwa nthawi yaitali bwanji asanakusintheni, ndipo pampando wanu pali mthunzi ndi madzi akumwa kapena ayi. Kutentha kwa kuno mu Julaye ndi Ogasiti kumapyola madigiri 40. Zimene akuyankhenizo zilembedwe mu kontrakitimo.